Za ku mapiri a Morocco zija zimandiwawabe

Abale inu, pa 8 Sepitembala 2023 cha m'ma 11 koloko usiku, anthu ambiri ali m'nyumba ena atagona kale, chivomezi cha mphamvu ya 6.8 chinagwedeza mapiri a High Atlas m'dera la Al Haouz, kumwera kwa Marrakech. Anthu oposa 2,900 anamwalira.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi nyumba zake. M'midzi ya kumapiriko ngati Tafeghaghte ambiri anamanga ndi zidina ndi miyala, nde nyumba ya dothi ikagwa imangoti phwaa yonse kukhala mulu, sipatsala ndi kampata komwe koti munthu apumirepo podikira thandizo. Thandizo lakenso lidzera kuti? Misewu yake ndi yopapatiza, yokhotakhota m'mbali mwa phiri, matanthwe anagudubuka n'kutseka njira, ma ambulansi kumangoima kumunsi uku kumtunda anthu akufukula ana awo ndi manja, ena mpaka kunyamulira katundu pa abulu. Ngakhale mzikiti wakale wa Tinmel womangidwa zaka za m'ma 1100 unagumuka mbali yaikulu.

Makamera atachoka mavuto sanathe ayi, dzinja la kumeneko kumagwa chipale chofewa ndipo mabanja ambiri analowa nyengo yozizirayo ali m'matenti, ana ndi agogo omwe.

Ineyo ndimaganiza za chivomezi cha ku Karonga mu Disembala 2009, nyumba zinang'aluka anthu n'kumagona panja. Ife tili mu Rift Valley, chigwa chachikulu momwe mumachitika zivomezi, koma tikumangabe ndi matope opanda ring beam.