Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Ndalama za pa Geti la Potato Creek

Ambiri mwa inu amene munawerenga gawo lapitalo mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti ine, mayi wa ku Nkhotakota wogwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndizithera masiku anga opuma m'tchire kuyang'ana mbalame, mpaka kumaperekako ndalama ku mapaki a boma la Indiana. Nonse amene munafunsa mwaulemu ndikukuthokozani. Alipo mmodzi amene anafunsa monyoza, ndipo iyenso yankho lake alipeza m'gawo lomwe lino.

Mukukumbukira kuti mayi anga anatisiya mu Januwale 2021, mwezi umene matenda a Covid-19 anasautsa kwambiri ku Malawi, pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Sindinathe kupita kumaliro. M'nyengo yozizira ya kuno nthawi ya kumudzi imatsogola ndi maola 7, choncho pamene ankatulutsa bokosi m'nyumba cha m'ma 10 koloko m'mawa, kuno kunali 3 koloko usiku ndipo ine ndinali pantchito. Ndinalowa m'kachipinda kosungiramo mabulangete ndi matawulo, ndinatseka chitseko, n'kumaonera maliro a mayi anga pa foni ya alongo anga. Netiweki inkadukaduka. Chithunzi chinkaima pa mapazi a anthu ali m'matope, kenako pa ambulera ya munthu wina, pamene nyimbo ya amayi a Chigwirizano inkamveka zidutswazidutswa. Nkhope ya mayi sindinaione, chifukwa nthawi imene anatsegula bokosi foni inali itazima. Belu la m'chipinda china litalira, ndinapukuta misozi, ndinakonza masiki yanga, ndipo ndinapita kukatembenuza agogo ena amene sankadziwa n'komwe dzina langa. Kunyumba nako sindikanalira mokweza, popeza makoma a nyumba za lendi kuno ndi opyapyala ndipo ana anali ndi sukulu ya pa kompyuta m'mawa mwake. Maliro amenewo ndinangowameza, ndipo anandikhala pakhosi mpaka chipale chinasungunuka.

Kumapeto kwa Malichi, namwino uja ndinakuuzani kuti ankandigawira tiyi wake ananditenga pa galimoto kupita ku Potato Creek State Park, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda, kufupi ndi tauni ya North Liberty. Pakiyo inatsegulidwa mu 1977, ndipo pakati pake pali nyanja yochita kukumba yotchedwa Worster. Anandibwereka zoonera patali n'kundilozera mtengo wautali kutsidya kwa madzi. Panali chiwombankhanga cha mutu woyera, chija chimajambulidwa pa ndalama za ku America, chitakhala mmene imakhalira nkhwazi ya kwathu ikamadikira nsomba. Chitalira ndinadabwa, chifukwa mawu ake ndi aang'ono, osayenerana ndi thupi lake, osafika ngakhale theka la mfuu imene nkhwazi imatulutsa itaponya mutu kumbuyo, mfuu imene tinkaimva ndi mayi tikamayanika usipa pa thandala. Pamenepo ndi pamene ndinalira maliro a mayi anga mokweza, monga alirira mwana wamkazi kwathu, ndipo mnzangayo anangosendera patali n'kundisiya.

Zaka zotsatirazo ndinaphunzira mayina a mbalame, ndinagula zoonera patali zanga zakaunjika, ndipo ana anakula.

Chimene chinandichititsa kuyamba kupereka ndi pamene ndinamvetsa mmene malowa amapezera ndalama. Ambiri a ife tikafika kuno timaganiza kuti chilichonse cha boma la America chili ndi thumba losatha, koma mapaki awa si a boma lalikulu la ku Washington. Ndi a Indiana, anayamba mu 1916 ndi McCormick's Creek ndi Turkey Run mwa khama la Richard Lieber, ndipo kuyambira masiku amenewo mfundo yake inali yakuti wogwiritsa ntchito paki azilipirako. Mpaka lero gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera mapakiwa limachokera pa geti, kwa ogona m'matenti, ndi kwa ogona m'nyumba za alendo za m'mapakimo, pamene msonkho umangothirirapo. Nthawi imene ndinayamba kupitako, galimoto ya nambala ya ku Indiana inkalipira madola 7 pa geti, ndipo chiphaso cha chaka chonse chinali madola 50. Milatho ya matabwa ya m'madambo, zimbudzi, malipiro a anthu ofotokozera alendo za chilengedwe, zonsezi zimayang'ana ndalama imeneyo. Ndinagula chiphasocho, ndipo ndimachigulanso chaka chilichonse, ngakhale chaka chimene ndikudziwa kuti ntchito sindilola kupitako kawirikawiri.

Chinanso ndinachidziwa ku Jasper-Pulaski, kumene mbalame zazitali miyendo zotchedwa sandhill crane zimasonkhana zikwizikwi mu Novembala pa ulendo wawo wopita kum'mwera. Munthu umakwera pa nsanja ya matabwa dzuwa likamalowa, n'kumaziona zikutera magulumagulu, miyendo italendewera, phokoso lake lomveka ngakhale utatseka mawindo a galimoto. Malo amenewo si paki koma malo osungirako nsomba ndi nyama, ndipo amene amawasamalira ndi ndalama zawo ndi alenje ndi asodzi, kudzera m'ziphaso zawo komanso msonkho wa mfuti ndi zipolopolo umene lamulo la Pittman-Robertson la mu 1937 linalamula kuti uzigwira ntchito yosamalira nyama zakutchire. Ife oonera mbalame timadziona ngati abwenzi a chilengedwe kuposa mlenje, koma pa nsanja imeneyo timakhala tikudyera thukuta lake. Ine zimenezi sizinandikhalire bwino. N'chifukwa chake ndikamalemba mafomu a msonkho wa Indiana ndimasiyako kangachepe ku thumba la Nongame Wildlife Fund, lomwe limasamalira nyama zosasakidwa ndipo limadalira zopereka za anthu. Thumba limeneli ndi limene linabweza ziwombankhanga m'chigawo chino zitatheratu: pakati pa 1985 ndi 1989 anabweretsa anapiye 73 kuchokera ku Wisconsin ndi ku Alaska n'kuwalerera pa nyanja ya Monroe, ndipo mu 1991 zinayamba kuswa zokha. Mbalame imene inandimasula pakhosi ija inalipo chifukwa cha anthu amene anapereka ndalama zawo ine ndisanaganize n'komwe zobwera kuno.

Pamene ndilibe ndalama ndimapereka manja. Mu Epulo ndi Meyi anthu odzipereka amazula chomera chotchedwa garlic mustard, chochokera ku Ulaya, chimene chimaphimba maluwa a m'nkhalango za kuno. Umachigwira m'munsi penipeni kuti muzu wake woyera utuluke wonse, n'kuchiponya m'thumba lapulasitiki, chifukwa ukachisiya pansi chimatha kukhwimitsabe njere. Manja amanunkha adyo tsiku lonse. Azungu okalamba amene ndimazula nawo amadabwa kuti ndimawerama nthawi yaitali osadandaula msana.

Tsopano ndifike kwa inu alamu anga, amene munalemba m'gulu la banja pa WhatsApp kuti ndayamba kudyetsa mbalame za Azungu pamene abale akugona ndi njala. Simunandiimbire kuti mundifunse. Munalemba pagulu, pamene pali ana anga. Fizi ya mwana wanu woyamba yachokera m'manja mwa yani chiyambire Folomu 1? Malata a nyumba ya malemu mayi anagula ndani, nanga feteleza wa chaka chatha? Palibe mwezi umene ndalama yopita kumudzi inachepa chifukwa cha chiphaso cha paki, ndipo madola 50 amenewo ndi ochepa kuposa zimene anzathu ena kuno amawononga pa phwando limodzi la Loweruka popanda wowanena. Inu nomwe mumasonkha mwezi ndi mwezi ku komiti ya mjigo chifukwa mumatunga pamenepo, ndipo amene amatunga osasonkha mumamudziwa dzina limene mumamutchula. Ine ndimatunga pa Potato Creek. Tsiku limene ndinalibe pokalirira mayi anga, inu munali nawo pamanda, muli ndi anthu okugwirani mapewa, ndipo sindinakuchitireni nsanje.

Kwa inu a ku South Bend, Mishawaka ndi Elkhart amene munati mukufuna kudzaona nawo, Meyi ndi mwezi wabwino, pamene timbalame tating'ono tochokera kum'mwera timadutsa m'mphepete mwa nyanja ya Michigan ndipo ku paki ya Indiana Dunes kumachitika chikondwerero cha oonera mbalame. Zoonera patali ndingakubwerekeni, koma pa geti galimoto iliyonse idzilipirire yokha. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za ulendo wanga wokamanga chiliza cha mayi, ndi zimene amalume ananena pa msonkhano wa banja usiku umenewo.