Khoti la papepala ndi khoti lokhala ndi woweruza: zomwe ndaphunzira pa lamulo la makhoti

Ambiri tikamva kuti boma lakutilakuti lapatsidwa khoti, timaganiza kuti mawa lomwe milandu iyamba kuzengedwa. Lamulo lokonza makhoti m'dziko muno la Mozambique, Lei 24/2007, ukaliwerenga mofatsa umaona kuti khoti silibadwa tsiku limodzi, ndipo pa sitepe iliyonse pali amene ali ndi kiyi wakewake.

Nyumba ya Malamulo ku Maputo ndiyo imayala maziko. Lamulo la 2007 linalowa m'malo mwa la 1992 n'kusanja makhoti pa masitepe anayi: la m'boma, la chigawo, la apilo lotchedwa Tribunal Superior de Recurso, ndi lalikulu pa onse, Tribunal Supremo. Sitepe yachitatuyo ndiyo inali yachilendo. Kale apilo yochokera kukhoti la chigawo inkapita ku Supremo, mafayilo n'kumangounjikana kumeneko. Lamulo linakhazikitsa makhoti a apilo atatu, ku Maputo, ku Beira ndi ku Nampula, ndipo ife a ku Tete tili pansi pa Beira pamodzi ndi Sofala ndi Manica. Koma taonani zaka: lamulo ndi la 2007, makhotiwo anayamba ntchito mu 2011. Zaka zinayi analipo pa dzina pokha.

Mpata umenewu ndiwo phunziro langa lalikulu. Kuti khoti la m'boma liyambe kumva milandu, choyamba likhazikitsidwe mwalamulo ndipo zituluke mu Boletim da República, gazeti yolengeza malamulo a dziko. Kenaka pulezidenti wa Tribunal Supremo, atamva maganizo a bungwe loyang'anira oweruza, ndiye amalamula kuti khotilo liyambe ntchito komanso kuti ligawidwe m'zigawo zingati, monga cha milandu ya upandu ndi cha milandu ya katundu ndi mabanja. Apa m'pamene mipando ya oweruza imabadwira, chifukwa chigawo cha khoti chikatsegulidwa pamafunika woweruza wake. Woika munthu pampandopo si nduna kapena bwanamkubwa. Ndi bungwe lija, Conselho Superior da Magistratura Judicial, lomwe limasankha, kusamutsa, kukweza ndi kulanga oweruza. Munthuyo akhale ndi digiri ya malamulo, apambane mayeso olowera, akasulidwe ku Centro de Formação Jurídica e Judiciária ku Matola. Amayambira pa udindo wa juiz de direito D n'kumakwera mpaka A; pamwamba pake pali desembargador wa khoti la apilo, ndi conselheiro wa ku Supremo.

Woweruza yekha sazenga mlandu. Pafunika woimira boma pa milandu, amene timamutcha procurador, mlembi wosunga mafayilo ku cartório, ndi oficial de diligências, uja amayenda ndi masamani. Ameneyu anthu samuwerengera, koma akasowa njinga yamoto kapena mafuta, mboni ya kumapiri a Tsangano siilandira kalata, tsiku la mlandu limafika, mpando wa mboni uli gwa wopanda munthu, mlandu n'kuimitsidwa. Woganiziridwa amabwerera m'chitokosi kukadikira tsiku lina. Onjezani womasulira, popeza khoti limalankhula Chipwitikizi pomwe mayi wa ku Domwe akufotokoza za malire a dimba lake m'Chichewa. Liwu limodzi likapotoka pomasulira, zolembedwa m'fayilo ndi zomwezo zimene oweruza a apilo adzawerenge, iwo osamuona mayiyo ndi maso.

Chitsanzo chapafupi ndi Dôa ndi Marara, maboma amene anadulidwa ku Mutarara ndi ku Changara mu 2013. Lamulo logawa maboma silibala khoti palokha. Mpaka masitepe onse aja atakwana, anthu a boma latsopano amatumikiridwabe ndi khoti loyandikana nalo. N'chifukwa chake ndondomeko imene Pulezidenti wa nthawiyo Filipe Nyusi anakhazikitsa mu 2021, yoti boma lililonse likhale ndi nyumba yoyenera ya khoti, ndimaiona yofunika, ngakhale kuti njerwa ndi gawo limodzi chabe la ntchitoyi.

Pali china chimene ophunzira malamulofe timakonda kuchidumpha: makhoti a m'boma sanapatsidwe mphamvu zofanana. Lamulo la 2007 linawagawa pawiri. La kalasi yoyamba linapatsidwa milandu ya chilango chosapitirira zaka 12 ndi ya chuma chosapitirira malipiro otsikitsitsa a dziko kuchulukitsa ka 100. La kalasi yachiwiri zaka 8 ndi ka 50. Mlandu woposa pamenepo umapita kukhoti la chigawo ku Tete. Kwa munthu wa ku Ulongwe umenewo ndi ulendo wa makilomita oposa 200, mboni zakenso zidye ndi kugona. Choncho kukweza kalasi ya khoti, ngakhale kumaoneka ngati nkhani ya m'maofesi, kumapulumutsa mbuzi imene banja likanagulitsa kuti lipeze ya thiransipoti. Lamuloli lasinthidwapo mu 2014 ndi mu 2018, ndiye polemba mayeso gwiritsani ntchito buku lokhala ndi zosinthazo.

Makhoti a kumudzi, a Lei 4/92, ali kunja kwa makwerero amenewa. Amakhala ndi anthu 8, okhazikika 5 ndi ogwirizira 3, ntchito yawo yaikulu ndi kuyanjanitsa, ndipo satsekera munthu m'ndende. Musawasokoneze ndi oweruza osankhidwa, juízes eleitos, amene amakhala pambali pa woweruza wophunzira m'khoti la boma n'kuthandiza kuona ngati zimene zikunenedwa zinachitikadi. Wosakhutira ndi chigamulo cha kumudzi ali ndi ufulu wotengera nkhani yake kukhoti la m'boma, ndipo ngati alibe ndalama ya loya akagogode ku ofesi ya IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu.