Alonda a mfuti pa sukulu, ndalama zake zichokera kuti?

Abale anga kuno ku Joni, nkhani yoti pa geti ya sukulu pazikhala mlonda wa mfuti ikundisowetsa tulo. Nanenso ndimaopa ana akamapita ku sukulu, zigawenga zimalowadi kukaba makompyuta, koma tiwerengere kaye mtengo wake. Munthuyo aphunzire zaulonda nkulembetsa ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito zaulonda kuno, kenako akaphunzirenso kugwira mfuti kuti apolisi a SAPS amupatse satifiketi monga limanenera lamulo la mfuti la 2000, ndiye sizithera pomwepo ayi, chaka chilichonse amayenera kukayesereranso kuwombera, zipolopolo zomwe nzogula, kampani nayo ikhale ndi laisensi ya mfutizo komanso sefa yosungiramo. Zonsezi kampani imaziphatikiza mu kontrakiti, wolipira ndi boma la Gauteng, kutanthauza misonkho yathu yomweyi, ife obwerafe VAT ya 15% timalipiranso tikagula sopo.

Sukulu za ku Sandton, dera la anthu olemera, makolo akhoza kusonkha. Nanga za ku Diepsloot ndi Alexandra zomwe ana salipira fizi? Ine ndikanakonda ndalamazo ziyambe zakonza mipanda yogumuka ndi magetsi a panja, mfuti pafupi ndi ana a Grade 1 mtima wanga ukukana ndithu.