Sabata imodzi mu wodi ya odwala mtima

Lolemba m'mawa, pamene ndinkalandira ntchito kwa mnzanga amene anachezera usiku, anandilozera bedi lapafupi ndi zenera pamene panali bambo wina wachikulire atakhala tsonga, mapilo atatu ali kumsana, akupuma mobanika ngati munthu amene wangotsika kumene pa phiri. Miyendo yawo inali yotupa mpaka m'mawondo, ndipo nditadina ndi chala pamsongolo panatsala kadzenje kamene kanachedwa kubwerera. Pambali pawo panali akazi awo atagwiritsa chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri. Dokotala anali atawauza kuti mtima ukulephera kugwira bwino ntchito, koma iwo anamva kuti mtimawo watsala pang'ono kuima.

Nditapereka jakisoni wa furosemide ndi kuona kuti okosijeni ikuyenda bwino, ndinakoka mpando n'kukhala nawo pafupi. "Amayi, mtima wa abambowa sunasiye ntchito," ndinatero. "Wafooka, ndiye sukupopa magazi mokwanira, n'chifukwa chake madzi akudikha m'miyendo ndi m'mapapo. Mankhwala tabayawa atulutsa madziwo kudzera mu mkodzo." Anandiyang'ana kwa nthawi, kenako anafunsa kuti, "Ndiye achira, anamwino?" Funso limeneli limandilemera nthawi zonse, chifukwa mawu olimbikitsa amene si oona amatonthoza tsiku limodzi lokha, ndipo mawa lake banja limasiya kutikhulupirira. Ndinawauza kuti kufookako sikudzatheratu, koma kubanikako tikhoza kukuchepetsa, ndiponso kuti munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri akamamwa mankhwala mosadumphitsa.

Zaka zimene ndagwira ntchitoyi zandiphunzitsa kuti wodwazika matenda amene wangokhala manja lende ndiye amene mantha amamudya kwambiri. Choncho ndinawapatsa mayiwo ntchito yawo: kulemba m'kabuku madzi onse amene abambowo amwa, ndi kuwaperekeza pasikelo m'mawa uliwonse atangokodza, asanadye kanthu. Ndinawafotokozera kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, motero sikelo ikamatsika ndiye kuti madzi akuchoka m'thupi. Pofika Lachitatu abambowo anali atatsika ndi makilogalamu atatu, ndipo anagona ndi mapilo awiri okha. Tsiku lomwelo mayiwo anandikokera pakhonde n'kundiululira monong'ona kuti amuna awo anasiya mapiritsi a mkodzo kwa masabata atatu, chifukwa ankawamwa madzulo ndipo usiku wonse ankangokhalira kudzuka. Sindinawadzudzule. Mapiritsi amenewa amayenera kumwedwa m'mawa, ndipo ngati panalibe amene anawauza zimenezi momveka, mbali ina ya vutolo ndi ya ife achipatala.

Lachinayi tinalandira mtsikana wa zaka 14 amene mavavu a mtima wake, tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, anawonongeka. Matendawa amayamba ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi tizilombo totchedwa streptococcus, ndipo zikapanda kuchizidwa, chitetezo cha m'thupi chimatha kutembenukira mtima wa mwini wake. Mayi ake ankangobwereza kuti, "Ndinkayesa ndi chimfine wamba," misozi ili chuchuchu. Ndinawauza kuti makolo ochuluka akanaganiza chimodzimodzi, ndipo chimene chili m'manja mwawo tsopano ndi jakisoni wa benzathine penicillin, amene mwanayo ayenera kubayitsa pakatha masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri, kuti mavavuwo asapitirire kuwonongeka. Jakisoniyu amapweteka, ndipo sindinamubisire mtsikanayo. Ndinamubaya pang'onopang'ono, mayi ake atamugwira dzanja, iye akuwerenga mokweza kufikira nditamaliza.

Usiku wa Lachisanu, ndili pa ntchito ya usiku, makina oonetsa kugunda kwa mtima analira pabedi lapazenera lija. Mayi aja anathamangira kwa ine opanda nsapato, mawu osatuluka. Nditafika ndinapeza abambowo ali m'tulo, mtsempha wapamkono ukugunda maulendo 78 pa mphindi, bwinobwino pakati pa 60 ndi 100 pamene timayembekezera kwa munthu wamkulu amene akupumula. Kawaya kamodzi kanali katamatuka pachifuwa. Ndinakamatanso, kenako ndinatenga zala ziwiri za mayiwo n'kuziika pamkono pa amuna awo kuti adzimvere okha. Anakhala choncho kwa nthawi yaitali, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika pamene mtima wawo unkakhala pansi. Ndinawasiya ali pomwepo n'kupita kukatembenuza agogo ena amene sankatha kudzitembenuza okha.

Loweruka, ndisanaweruke, dokotala analola kuti abambowo atuluke. Ndinakhala nawo onse awiri ndi kabuku kaja pamiyendo. Tinakambirana kuti akakwera ndi makilogalamu oposa awiri m'masiku atatu, kapena akayambanso kulephera kugona chagada, abwere msanga osadikira tsiku lowalembera. Tinakambirananso za mchere, umene bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi kakang'ono, komanso kuti apewe mankhwala ochepetsa ululu monga ibuprofen ndi diclofenac chifukwa amasunga madzi m'thupi. Ndinapempha mayiwo kuti andibwerezere zonse m'mawu awoawo, ndipo sanaphonye ngakhale chimodzi. Abambowo, amene sabata yonse sanayankhule zambiri, anavala nsapato zimene Lolemba zinkakana kulowa, n'kunena kuti, "Mwanawe, mapiritsi aja ndizimwa m'mawa."