Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku lomwe ndinasayina kuti atsegule mutu wa mwana wanga

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe mankhwala achitatu a khunyu anakanika. Carbamazepine, sodium valproate, kenako levetiracetam, koma mtsikana wanga ankagwabe kasanu, tsiku lina mpaka kakhumi. Ndinali ndi kope lomwe ndinkalembamo akagwa: ola, mphindi zomwe waphupha, ngati wadziluma lilime kapena wadzikodzera.

Kuchipatala cha ana kuno ku England anamugoneka masiku asanu, mutu wonse mawaya a EEG, makina oyeza momwe ubongo ukugwirira ntchito, kamera ikumujambula usana ndi usiku. Ankafuna agwe kuti aone komwe khunyu ikuyambira. Ine amene ndinakhala zaka zinayi ndikupempha Mulungu kuti mwana asagwe, sabata imeneyo ndinkapempha kuti agwe. Makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI anaonetsa kachigawo ka ubongo kumanja komwe sikanaumbike bwino ali m'mimba.

Adokotala sanandibisire. Anati mankhwala awiri oyenera akalephera, ena onse sathandiza kwenikweni, ndipo opaleshoni ikhoza kumusiya ndi mkono wofooka. Usiku ndinakhala pafoni mpaka tambala woyamba. Ndinapeza kafukufuku wa mu 2017 wa kuchipatala cha AIIMS ku New Delhi, ku India, pa ana 116 a khunyu yosamva mankhwala. Patatha chaka, 77 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni anali atasiya kugwa, pomwe mwa ongomwa mankhwala anali 7 okha. Koma mmodzi mwa atatu ochitidwa opaleshoniwo anakumana ndi vuto lalikulu, makamaka kufooka mbali imodzi ya thupi. Manambala onsewo ndinawakopera m'kope lija.

Nditaimbira amayi ku Ntcheu, anakhala chete nthawi yaitali.

"Iwe, mutu wa munthu sautsegula ngati dzungu. Bwera naye kuno, tikayesenso kwina."

"Amayi, kwinako tinayesa kale. Mwaiwala mphini zili pamsana pakezi?"

Sanayankhe, ndinangomva akufwenthera. Sindiwaweruza. Iwo anaona mchimwene wawo akupsa pamoto atagwa, anthu ataima patali poopa malovu ake, chonsecho khunyu sipatsirana.

Ndinasayina dzanja likunjenjemera. Opaleshoni inatenga maola asanu ndi limodzi. Atatsitsimuka, dzanja lake lamanzere silinkagwira kapu, ndipo mpaka lero batani la malaya limamuvuta. Mankhwala akumwabe. Koma m'kope muja tsamba lomaliza kulembedwa ndi la m'mawa wa tsiku la opaleshoni.

Za fizo yolimbitsa dzanja lake ndi kubwerera kwake kusukulu ndidzakusimbirani gawo likudzali.