Thovu la pa chigoba cha nkhono

Ndimaphunzira za chilengedwe ndili pakhomo kuno ku Salima, usiku ana akagona. Nthawi imachepa, ndiye mitu ina ndimangoidutsa pamwamba. Mutu wa sabata yathayi ndinkafuna kuuchita chimodzimodzi, koma mpaka lero sunandichoke m'maganizo.

Malangizo a mu 2006 a bungwe la IPCC, la akatswiri a m'maiko osiyanasiyana oona za kusintha kwa nyengo, amati dziko likamawerengera mpweya wotenthetsa dziko womwe latulutsa, liziugawa panayi: wa mafuta ndi malasha, wa ulimi ndi nkhalango, wa zinyalala, ndi wina wa m'mafakitale ndi zinthu zomwe timagwiritsa ntchito, womwe amaulemba mwachidule kuti IPPU. Nditaona gawo lomalizali ndinati, kwathu kuno mafakitale alipo angati oti n'kutayirapo tulo? Ndinkayesa akunena utsi wa pa chumuni. Si choncho. Malasha omwe fakitale yawotcha amawerengedwa kwina. Pano akunena mpweya wotuluka m'chinthu chenichenicho pamene chikusanduka china.

Chitsanzo chachikulu ndi simenti. Mwala wa laimu, uja timati njereza, uli ndi mpweya wa carbon dioxide womangika m'kati mwake. Ukaupsereza, mpweyawo umamasuka. Pa makilogalamu 100 a mwala wabwino wosasakanikira ndi dothi, 44 amauluka, 56 okha ndiwo amatsala. Popanga simenti amauwotcha pamodzi ndi dongo mu ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 1,450, n'kutuluka timibulu totchedwa clinker, tomwe amapera kukhala ufa uja timagula m'thumba. Tani imodzi ya clinker imasiya mpweya wopitirira pang'ono theka la tani, wochokera ku mwala wokha, tisanawerengere malasha.

Manambala amenewa sankandilowa mpaka Loweruka pomwe tinapita ku Senga Bay. Mwana wanga anatola zigoba za nkhono mumchenga, ndipo ndinakumbukira kuti chigoba ndi mwala wa laimu n'chinthu chimodzi. Titafika kunyumba ndinasinja chimodzi, n'kuika m'kapu, n'kuthirapo viniga. Tinthovu tinayamba kukwera, tikulira pansipansi ngati thobwa logona. Iye anafuula, “Amayi, chikuwira popanda moto!” Ndinamuuza kuti mpweya umenewo nkhono inausunga kalekale, lero tautsegulira khomo. Ng'anjo imachita zomwezo, kungoti iyo imagwiritsa ntchito kutentha m'malo mwa viniga.

Apa m'pomwe panandilemera. Ife a ku Salima timanyadira magetsi a dzuwa a ku Nanjoka, a mamegawati 60, omwe anayamba mu 2021. Koma ngakhale mutatenthetsa ng'anjo ya simenti ndi mphamvu ya dzuwa yokhayokha, mwala udzatulutsabe gawo lake. Ndipo mpweya woposa theka wa pa fakitale ya simenti umachokera kumeneko, osati ku moto. Ng'anjo zoterezi tili nazo: ya Shayona ku Kasungu, ina ku Njereza m'boma la Mangochi, kuphatikiza anthu owotcha laimu ku Balaka.

M'gawo lomweli la IPPU mulinso tinthu ting'onoting'ono, monga kandulo yomwe timayatsa magetsi akazima ndi oyilo wa mu injini. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti mpweya wotuluka pofulula ethanol ku Dwangwa sauphatikiza, poti nzimbe zinali zitauyamwa kale kumunda.

Lamulungu ndinakacheza kwa achimwene anga, omwe amaumba mabuloko cha ku Kamuzu Road. Nditawafotokozera, anaika fosholo pansi.

“Mlongo, ndiye mukuti tibwerere ku njerwa zootcha? Mitengo ya ku Thuma ithe?”

Ndinasowa choyankha msanga, chifukwa amanena zoona. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu pofuna kupulumutsa nkhalango, ndipo ine ndimagwirizana nalo lamulolo. Ndaonapo uvuni umodzi ukumeza mitengo yomwe yakula zaka zambiri. Sindikuti tisiye simenti. Anthu akufuna nyumba zosagwa ndi mvula, milatho ya pa msewu wa M5 ikufuna konkire. Chomwe sindifuna n'chakuti tizinena kuti buloko ndi loyera, ngati kuti vuto tathana nalo. Tangolichotsa ku nkhalango n'kulipititsa ku ng'anjo yomwe sitiiona. Ndipo mpweya amauwerengera dziko lomwe kuli ng'anjo, kotero simenti yochokera ku Zambia yolowera pa Mchinji siioneka pa nambala ya Malawi, chonsecho khoma laima kwathu kuno.

Njira yochepetsera ilipo. Opanga angathe kuchepetsa clinker m'thumba posakaniza ndi zinthu zina monga dongo lowotcha kapena mwala wongopera. Omanga angathe kugwiritsa ntchito njerwa zadothi zopanikiza ndi makina, zomwe zimadya simenti yochepa.

Ndinatenga kope n'kuwerengera pomwepo. Thumba ndi makilogalamu 50. Tikayerekeza kuti magawo atatu mwa anayi ndi clinker, ndiye kuti thumba lililonse linasiya mpweya wa makilogalamu pafupifupi 20 kuchokera ku mwala wokha. Pakona ya shedi yawo panali matumba awiri omwe anauma gwa chifukwa cha chinyontho cha mvula yapitayi, poti anangowaika pansi. Achimwene akhala akudandaula za ndalama zomwe zinapita pamenepo. Nditawaonetsa kuti panapitanso makilogalamu 40 a mpweya popanda buloko ngakhale limodzi, anayang'ana matumbawo nthawi yaitali osayankhula.

Kenaka anatuma mnyamata wawo kukatenga matabwa oti ayale pansi. Ine anandiuza kuti ndibwerenso Loweruka likubwerali ndi kope langalo, tidzawerenge kuti thumba limodzi likuwatulutsira mabuloko angati, ndipo angati amasweka asanafike kwa wogula.