Momwe ndinapezera waya wokhwepa umene unapha masoketi a pabalaza

Vuto linayambira pa soketi ya kukhitchini, pomwe timalumikiza ketulo, m'nyumba yathu ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Kwa milungu ingapo ketuloyo inkazima madzi asanawire, ndipo munthu akagwedeza pulagi inkayambiranso. Tsiku lina masoketi awiri a pabalaza anaferatu pamene mababu onse ankayaka bwinobwino, ndipo nditayandikitsa mphuno pa soketi ya kukhitchini ija ndinamva kafungo ka pulasitiki yopsa.

Ndinayamba ndi zinthu zosafuna kumasula kalikonse. Mayunitsi mu mita analimo. Mapulagi amene timagwiritsa ntchito kuno, a mano atatu ngati a ku Britain, amakhala ndi fuzi mkati, kawirikawiri ya 13A, choncho ndinayesa ketulo pa soketi ya kuchipinda, ndipo inawiritsa madzi popanda vuto. Kenako ndinatenga nyale ya patebulo n'kuzungulira nayo nyumba yonse, ndikulemba papepala soketi yamoyo ndi yakufa. Pa bokosi la mabureka, omwe ndi maswitchi odzithimitsa okha magetsi akachuluka, panalibe bureka imene inagwa, ndipo nditadina batani loyesera pa earth leakage (switchi yodula magetsi akamathawira pansi) inathimitsa magetsi monga iyenera kuchitira. Pepala lija linandionetsa chinthu chimodzi: masoketi atatu ovutawo anali pa bureka imodzi ya 20A, ndipo waya wake umachoka pa bokosi kupita kukhitchini, kenako n'kudutsa kupita pabalaza. Ngati mzere wotere waduka pa soketi yoyamba, onse a kutsogolo kwake amafa, ngakhale iwowo alibe vuto.

Ndisanagwire sikuludiraiva ndinathimitsa main switch, imene imadula magetsi a nyumba yonse, ndipo ndinamata tepi pamwamba pake n'kuuza aliyense m'nyumba kuti asayandikire bokosilo. Apa ndikufuna kutsindika chinthu chimene ndaonapo anthu akuchita. Magetsi akathima m'dera lonse, ena amaona ngati imeneyo ndiyo nthawi yabwino yokonza mawaya osathimitsa kanthu, koma magetsiwo amabwerera osagogoda, ndipo mphamvu ya 230V imapha. Ndinayesa kaye multimeter yanga, chida choyezera magetsi, pa soketi yamoyo ndisanathimitse, kuti nditsimikize kuti ikuwerenga, kenako ndinayeza pa soketi ya kukhitchini pakati pa mawaya onse atatu, awiriawiri, mpaka nditaona ziro paliponse. Tesita ya kababu kofiira ija sindiidalira payokha, chifukwa masana kuwala kwake sikuoneka bwino.

Nditamasula masikuluwu awiri n'kukoka soketiyo pang'onopang'ono, vuto linaonekera lokha. Nyumbayi inalumikizidwa ndi mawaya a mitundu yakale: wofiira ndiwo wamoto, wakuda ndi neutral, wobwererapo magetsi, ndipo wobiriwira ndi wa earth, wachitetezo wopita pansi. M'nyumba zatsopano mupeza wabulauni, wabuluu, ndi wobiriwira wosakaniza ndi chikasu. Pa bowo la L, la waya wamoto, panalowa mawaya awiri ofiira, wochokera ku bokosi ndi wopita pabalaza, koma sikuluwu inali itagwira umodzi wokha, nawonso mosalimba. Wachiwiriwo unatuluka ndisanaukoke n'komwe. Chikopa chake chinali chitada ndi kuuma moti chinkayoyoka m'zala ngati makala, mkuwa wake unali utachita bii, ndipo kumbuyo kwa soketi kunali kutasungunuka malo aakulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu.

Chinandiopsa kwambiri n'chakuti bureka sikanatiteteza pa vuto limeneli. Bureka imagwa magetsi akamadutsa ochuluka kuposa muyezo wake, koma ketulo ya 2000W imakoka pafupifupi 9A basi, zimene n'zochepa pa bureka ya 20A. Pamalo pokhwepa magetsi amadutsa mopanikizika ndipo amathetheka, choncho kutentha kumaunjikana pamenepo tsiku ndi tsiku bokosi lili chete.

Ndinadula mbali yonse yopsa mpaka pamene mkuwa unali wowala, n'kusenda bwino mosaucheka, ndipo mwamwayi wayawo, wa 2.5mm, unali ndi utali wotsala. Soketi yakaleyo ndinaitaya, chifukwa chitsulo chimene chapsapo sichigwiranso pulagi molimba. Pa yatsopano ndinalowetsa mawaya pa L, N ndi E, ndinamanga masikuluwu, kenako ndinakoka waya uliwonse paokha kuti ndione ngati wagwiradi. Nditayatsanso main switch, multimeter inawerenga pafupifupi 230V pa masoketi onse atatu, ndipo ketulo itawira kawiri ndinagwira soketi n'kupeza kuti ndi yozizira.

Popeza zida zinali kale m'manja, ndinati ndionenso babu la kuchipinda cha ana, limene linkanyezimira pang'ono usiku ngakhale switchi ili yothimitsa. Nditachotsa babu n'kuyeza pa holda switchi ili yothimitsa, ndinapeza kuti magetsi akufikabe. Izi zinatanthauza kuti switchiyo inkadula neutral m'malo mwa waya wamoto, moti aliyense wosintha babu akanatha kugwidwa ndi magetsi akuganiza kuti wathimitsa. Kukonza zimenezi kunkafuna kukwera kudenga n'kutsatira mawaya m'mabokosi olumikizira, ntchito imene ndinaona kuti yandipitirira. Ndinathimitsa bureka ya mababu, usiku umenewo tinagwiritsa ntchito tochi, ndipo m'mawa ndinaitana katswiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi m'dziko muno.

Atatsika kudenga ali fumbi lokhalokha anandiuza kuti, "Bambo, mwachita bwino kuthimitsa, mawaya awiri anasinthanitsidwa mu bokosi la pamwamba pa chipindachi." Anawabwezera m'malo mwake, anayezanso earth ya nyumba yonse, ndipo ndinawapempha kuti asanapite amangitsenso masikuluwu a masoketi otsala. Pa masoketi asanu ndi anayi, awiri ena anawapeza atayamba kukhwepa, ndipo imodzi mwa iwo inali ija timalumikizapo ayironi.